Mafuta m'chiwindi: kadyedwe ndi kulimbitsa thupi

Chiwindi cha munthu wathanzi chimakhala ndi mafuta ochepa kwambiri. Mafutawo akaposa magawo 5 pa 100 alionse a chiwindicho, madokotala amati munthuyo ali ndi matenda a mafuta m'chiwindi. Ambiri mwa odwala sadziwa, popeza chiwindi sichipweteka msanga. Kawirikawiri vutoli limatulukira munthu akajambulidwa m'mimba kapena akayezedwa magazi pa zifukwa zina. Likalekereredwa, mwa anthu ena chiwindi chimatupa, kenako chimauma ndi zipsera, ndipo chikhoza kugwidwa ndi khansa.

Zoyambitsa zazikulu ndi mowa, kunenepa kwambiri makamaka pamimba, ndi matenda a shuga. Anthu ambiri amaloza chala mafuta ophikira okha, koma chiwindi chimasandutsanso shuga ndi zakudya zokhutitsa zimene thupi silinagwiritse ntchito kukhala mafuta. Motero wamalonda wa pa Kameza amene amafisula mandasi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, masana n'kudya chipisi ndi chakumwa chozizira, madzulo mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera, tsiku lonse ali chikhalire pa benchi, akhoza kudwala ngakhale sanalawepo mowa. Mimba imene anzake amaitama kuti ndi chizindikiro cha kupeza bwino ndiyo iyenera kumudetsa nkhawa.

Chithandizo chachikulu ndi kuchepetsa thupi. Kutsika ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 a sikelo kumachotsa mafuta ambiri m'chiwindi ndi kuchepetsa kutupa. Kwa munthu wa makilogalamu 90, amenewa ndi makilogalamu 6 mpaka 9, otsika pang'onopang'ono pa miyezi ingapo, osati podzimana chakudya masiku angapo.

Izi sizilira zakudya zodula. Nsima ya mgaiwa ilowe m'malo mwa ya ufa woyera, mitanda ichepe, ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mpiru zichuluke. Nyemba, nandolo, usipa ndi matemba n'zabwino kuposa kanyenya wonona. Chipatso chidyedwe chathunthu, osati chofinya n'kuthiramo shuga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga woonjezera asapose pafupifupi magalamu 50 patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo botolo limodzi la chakumwa chotsekemera limatha kudutsa theka la mlingowu. Mowa, kaya wa m'botolo, masese kapena kachasu, usiyidwe ndithu. Mtedza ndi chimanga chochita chuku zitayidwe, pakuti poizoni wake amaononganso chiwindi.

WHO imalangizanso mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsa thukuta, monga mphindi 30 masiku asanu. Kuyenda ndawala kumakwanira. Wochokera ku Machinjiri kapena ku Ndirande akhoza kutsika minibasi siteji imodzi asanafike, kapena kusiya kabaza pa maulendo aafupi. Alimi amapeza mlingowu polima, koma miyezi ya pambuyo pokolola imafuna chidwi.

Mankhwala ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi oti amatsuka chiwindi alibe umboni, ndipo ena amachivulaza. Amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mimba yaikulu afunse uphungu pa chipatala chaching'ono cha Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa. Maso achikasu, kutupa mimba ndi miyendo, kapena kusanza magazi zimafuna kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo odwala otere amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.