Mmene ndege imachepetsera liwiro potera pa chipale chofewa

Ndege yaikulu yonyamula anthu imakhudza pansi ikuthamanga makilomita pafupifupi 250 pa ola. Pa msewu wouma, mabuleki a m'matayala ndiwo amagwira ntchito yaikulu yoimitsa ndegeyo. Koma m'maiko ozizira monga Canada, Norway ndi Russia, msewu wa ndege ukakutidwa ndi chipale chofewa matayala amaterereka, ndipo buleki payokha siikwanira.

N'chifukwa chake woyendetsa ndege amaiteretsa molimba, osati monyengerera, kuti matayala aboole chipalecho ndi kuyamba kuzungulira msanga. Pomwepo zitsulo za pamwamba pa mapiko, zotchedwa spoilers, zimadzuka ndi kusokoneza mpweya umene umanyamula ndege, kotero kulemera kwake konse kumatsamira pa matayala. Makina oletsa kuterereka amamasula buleki pa tayala lililonse lomwe layamba kukhukhuluzika, kenaka n'kuligwiranso.

Chodalirika kwambiri pa malo oterera ndi mphamvu ya injini. Injini sizizungulira chobwerera m'mbuyo monga ena amaganizira: zitseko za m'mbali mwake zimatseguka ndi kukankhira mpweya kutsogolo. Njirayi siidalira kugwira kwa matayala, koma imathandiza kwambiri ndege ikadali pa liwiro lalikulu. Likatsika, woyendetsa amachepetsa mphamvuyo kuopa kuti chipale chingauluke n'kumutchinga maso kapena kulowa mu injini.

Choncho kuchedwa ngakhale pang'ono n'koopsa. Pa 8 December 2005, ndege ya Boeing 737 ya kampani ya Southwest Airlines inatera pa bwalo la Midway mumzinda wa Chicago ku America chipale chikugwa. Inapyola mapeto a msewu wake, n'kuthyola mpanda ndi kugunda magalimoto kunja kwa bwalo, ndipo mwana wa zaka 6 anafa. Ofufuza anapeza kuti oyendetsa anachedwa ndi masekondi pafupifupi 18 kutembenuza mphamvu ya injini.

Kuyambira November 2021, mabwalo a ndege amatsata ndondomeko ya bungwe la ICAO yofotokoza mmene msewu ulili ndi manambala: 6 ndi msewu wouma, 3 ndi wa chipale chokhuthala kuposa mamilimita atatu, 0 ndi woterera koopsa. Woyendetsa amawerengera mtunda woimira ndi nambalayo asanatere, ndipo msewu ukachepa amapita ku bwalo lina.