Mboni za Yehova ndi Khadi la Chipani m'Malawi, 1964–1993

Mkangano wa pakati pa boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi Mboni za Yehova ndi chitsanzo chodziwika kwambiri cha kuponderezedwa kwa ufulu wa chipembedzo m'mbiri ya Malawi. Gwero lake linali khadi la umembala wa chipani cha Malawi Congress Party (MCP), lomwe a Mboni ankakana kugula. Mpingowu unaletsedwa mu Okutobala 1967, ndipo chiletsocho chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993. M'zaka zimenezi anthu zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ambiri akudutsa m'maboma a m'malire monga Mchinji, Dedza ndi Ntcheu.

Chiyambi cha mpingowu

Chiphunzitso cha Watch Tower chinafika ku Nyasaland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Elliott Kamwana, yemwe anachilandira kwa Joseph Booth, anabatiza anthu zikwi zingapo pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909, kenaka atsamunda anamuchotsa m'dziko. Dzina lakuti Achitawala, lomwe anthu amatchulira a Mboni, linachokera pamenepa. Choncho boma la Kamuzu silinali loyamba kuwakayikira anthuwa. Atsamunda nawonso ankawayang'ana ndi diso lofiira.

Khadi

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, MCP inakula mphamvu msanga. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya. Ulamulirowu unakhazikika pa ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Khadi ndilo linkasonyeza kuti munthu ali mkati mwa ngodyazi. Mtengo wake unali wochepa, koma ayufi a chipani ankalifunsa pachipata cha msika, pokwera basi, nthawi zina ngakhale popita kuchipatala. Chipani chinali ndi nthambi mpaka kumidzi, kotero munthu wa kwa Kapondo, kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni ku Mchinji sakanatha kubisala: wofunsa khadi anali mnyamata wa m'mudzi momwemo, wodziwa khomo la aliyense.

A Mboni ankapereka msonkho ndipo ankamvera malamulo ena a dziko. Chomwe ankakana ndi kulowa chipani cha ndale, potsatira mmene amamvera Yohane 17 ndi malemba ena onena kuti otsatira Khristu sali a dziko lapansi. Kwa iwo kugula khadi kunali kudzilembetsa m'ndale. Kwa akuluakulu a chipani, amene ankaona boma ndi chipani ngati chinthu chimodzi, kukanaku kunali kunyoza Ngwazi Kamuzu. Mbali ziwirizi sizinkamvana ngakhale pa tanthauzo la kapepala komwe ankakanganirako.

Nthawi za chizunzo

Chiwawa choyamba chinabuka mu 1964, nthawi ya chisankho, pamene nyumba zoposa 1,000 za a Mboni zinatenthedwa kapena kugwetsedwa. Mu 1967 msonkhano waukulu wa MCP unapempha kuti mpingowu uletsedwe, boma linavomera, ndipo amishonale akunja a mpingowu anathamangitsidwa. Kumenya, kugwirira amayi ndi kuwononga minda zinatsatira.

Chaka choopsa kwambiri chinali 1972. Msonkhano wa chipani wa mu Seputembala chaka chimenecho unagwirizana kuti a Mboni achotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, malonda awo afooketsedwe, ndipo okhala kumidzi apirikitsidwe. Ayufi ndi a Malawi Young Pioneers ndiwo anatsogolera ntchitoyi. Anthu ena anaphedwa. Mfundo yoti munthu apirikitsidwe pamudzi inali yolemera kuposa mmene imamvekera papepala, chifukwa kwa Achewa mudzi ndiwo munda, manda a makolo ndi mbumba. Wochotsedwa pamudzi ankataya zonsezi tsiku limodzi, ndipo nthawi zambiri omuchotsawo anali anthu amene anakula nawo.

Kuthawira kunja

Ambiri a m'chigawo chapakati analowera kumadzulo. Malire a Mchinji ndi chigawo cha Kum'mawa cha Zambia amadula pakati pa anthu a chinenero chimodzi, Achewa ndi Angoni, amene amakwatirana ndi kuyenderana pamaliro, ndipo kupatula chipata cha boma cha Mchinji ndi Mwami pali tinjira tambiri ta m'tchire. Othawawo anasonkhanitsidwa pamsasa wa Sinda Misale, kufupi ndi malire, pomwe anafika pafupifupi 19,000. Madzi abwino anali osowa, matenda anabuka, ndipo anthu mazana angapo, makamaka ana, anamwalira. Boma la Kenneth Kaunda, lomwe nalonso linali ndi mikangano yake ndi a Mboni pa nkhani ya mbendera ndi nyimbo ya fuko m'sukulu, silinawafune. Mu Disembala 1972 linawakweza m'malole ndi m'mabasi n'kuwabweza ku Malawi.

Atafika kumidzi, khadi linawadikira pomwe analisiya. Ambiri anathawanso, ulendo uno kupita ku Mozambique, kumene Apwitikizi anawalola kukhala m'misasa monga wa Mlangeni, kufupi ndi malire a Ntcheu. Chiwerengero chawo kumeneko chinapitirira 30,000. Koma Frelimo itatenga boma mu 1975, nayonso inafuna kuti aliyense aonetse kukhulupirika kuchipani, ndipo othawawo anabwezedwanso. Maboma atatu osiyana maganizo, la Kamuzu, la Kaunda ndi la Samora Machel, anagwirizana pa chinthu chimodzi chokha: panalibe lomwe linkafuna nzika yokana kuwerengedwa m'ndale.

Obwerera ambiri anamangidwa. Zikwi zingapo anatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, malo amene kuyambira 1994 akhala msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera kumayiko ena. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa MCP amene ambiri amamutchula pa nkhanza za nthawiyi, anamangidwa mu 1976 ndipo anapachikidwa mu 1977 pa mlandu woukira boma. Pambuyo pake chiwawa chinachepa, ngakhale chiletso chinakhalabe.

Mipingo ina ndi kusintha kwa ndale

Pa zaka zonsezi mipingo ikuluikulu ya m'Malawi sinalankhule poyera. Mantha analipo ndithu, koma n'zoonanso kuti a Mboni analibe abwenzi ambiri, popeza ulaliki wawo unkadzudzula mipingo inayo mosabisa. Apa ndi pamene nkhaniyi imavuta pa chikhalidwe: kuteteza ufulu wa munthu amene umagwirizana naye n'kosavuta, koma a Mboni ankafunika kutetezedwa ndi anthu amene ankawaona ngati osokoneza. Mawu amphamvu a mpingo otsutsa ulamulirowu anadzamveka pa 8 Malichi 1992, m'kalata ya maepiskopi a Katolika, yomwe inadzudzula kuponderezedwa kwa anthu onse. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, ndipo patangopita miyezi iwiri chiletso cha a Mboni chinachotsedwa.

Malamulo a lero

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ali ndi zigawo zimene zimayankha mbiriyi mwachindunji. Gawo 33 limapereka ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, ndipo ufuluwu uli m'gulu la omwe boma silingawaimitse ngakhale pa nthawi ya ngozi yogwera dziko. Gawo 32 limaletsa kukakamiza munthu kulowa bungwe lililonse. Malamulowa anakhazikitsanso bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, komanso bwalo la National Compensation Tribunal lopereka chipepeso kwa ozunzidwa ndi boma lakale. Bwaloli linapatsidwa zaka khumi, ndipo linatsekedwa madandaulo ambiri asanalipiridwe.

Milandu ya ufulu wa chipembedzo masiku ano yasamukira makamaka kusukulu. Mu Meyi 2023 Khothi Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti sukulu za boma zilandire ana a chipembedzo cha Rastafari popanda kuwakakamiza kumeta tsitsi lawo.