Tanthauzo la RIGS

RIGS ndi chidule cha radioimmunoguided surgery, njira yosakira khansa ya m'matumbo aakulu opaleshoni ili mkati. Inayambira ku Ohio State University, ku America, m'ma 1980. Kutatsala milungu pafupifupi itatu kuti opaleshoni ichitike, wodwala amabayidwa ma antibody, asilikali a m'thupi opangidwa mu labotale, atamatiridwa ayodini-125 wotulutsa cheza. Asilikaliwa amakakanirira pa maselo a khansa, otsalawo n'kumachoka m'magazi pang'onopang'ono. Tsikulo likafika, dokotala amayendetsa kachipangizo ka m'manja m'mimba motsegulamo, ndipo kakafika pamene pali cheza chambiri kamalira. Phindu lake lenileni lagona pa tizotupa tobisika timene diso ndi chala zikanaphonya, poti timeneto tikatsalira matenda amabwereranso.