Nsungwi za ku Guodian ndi Chiyambi Chopanda Mmisiri

M'chaka cha 1993 akuba anaboola manda akale pamudzi wa Guodian, kufupi ndi mzinda wa Jingmen m'chigawo cha Hubei ku China. Akatswiri ofukula zakale atathamangirako kukapulumutsa zotsala, anapeza timapale ta nsungwi pafupifupi 800, tambiri tolembedwa ndi inki. Mwini mandawo anaikidwa cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, m'dziko la Chu.

Ine mtima wanga uli pa timapale 14 tokha. Pamenepo pali kankhani kotchedwa Taiyi Shengshui, kamene kanali kataiwalika kwa zaka zoposa 2,000. Kamati pachiyambi panali Mmodzi Wamkulu, ndipo choyamba kutuluka mwa iye ndi madzi. Madziwo sanangopita, anabwerera kudzathandiza kholo lawo, thambo n'kuoneka. Thambo nalo linabwerera, dziko n'kukhazikika. Zinapitirira choncho mpaka mphamvu ziwiri zotchedwa yin ndi yang, nyengo zinayi, kuzizira ndi kutentha, chinyezi ndi kuuma, ndipo chaka chitakwanira nkhani inathera pomwepo. Palibe wolamula, palibe woumba. Chobadwa chilichonse chimatembenuka kukagwira ntchito ndi chimene chinachibala kapena ndi chinzake, ndipo chomaliza kulengedwa si munthu ayi, koma chaka cha mlimi.

Ife amene tinakulira pa Genesis ku Sande sukulu timafulumira kufunsa kuti nanga anapanga ndani. Anzeru akale a ku China funso lawo linali lina: zinasiyana bwanji? Buku la Huainanzi, limene Liu An anapereka kwa mfumu Wu ya ufumu wa Han m'chaka cha 139 Khristu asanabadwe, limayankha ndi qi, mpweya umene zonse zinachokeramo. Wopepuka ndi woyera unakwera n'kukhala thambo, wolemera ndi wandii unatsika n'kuundana kukhala nthaka. Aliyense amene anasiyapo madzi a m'dambo mu mtsuko kuti matope adikhe wamva kale. Bukuli limawonjeza kanthu kamene kamandisangalatsa: thambo linatha msanga, dziko linachedwa, chifukwa zolemera sizigwirana mwachangu. Wolemba wake anali munthu woyang'anitsitsa zinthu.

Nanga Pangu, chimphona chija chimene chinakulira m'dzira zaka 18,000 n'kukankha thambo m'mwamba? Ndi nthano imene alendo amaikonda, ndipo imakoma m'mabuku a ana, koma ndi yobwera mochedwa. Inayamba kuoneka m'zolemba za Xu Zheng wa m'dziko la Wu, m'zaka za m'ma 200 Khristu atabadwa, patapita zaka zoposa 500 manda a ku Guodian atatsekedwa. Kuitenga ngati maziko a maganizo a Atchaina n'kulakwitsa.

Wolimba mtima kuposa onse anali Guo Xiang, amene anamwalira m'chaka cha 312. Pomasulira buku la Zhuangzi anapanikiza nkhaniyi mpaka pakona. Ngati mlengi kulibe, sangalenge kanthu. Ngati alipo, ndiye kuti naye ndi chinthu chimodzi pakati pa zinthu, ndipo chinthu chimodzi sichingakwanitse kutulutsa mitundu yonseyi. Choncho, anatero iye, zinthu zimangodzichitikira zokha. Sindigwirizana naye mpaka kumapeto, koma sindinapeze poti ndimukole mosavuta.

Zitafika m'ma 1000, Zhou Dunyi anajambula zonsezi pa chithunzi chimodzi: Taiji, gwero la zonse, ikayenda imabala yang, ikapuma imabala yin, ziwirizo n'kutulutsa madzi, moto, mtengo, chitsulo ndi dothi. Zhu Xi, amene anamwalira mu 1200, anatenga chithunzicho n'kuchiika pakati pa chiphunzitso chake.

Izi ndi zimene wansembe wa ku Italy, Matteo Ricci, anazipeza atalowa m'China mu 1583. M'buku lake la Tianzhu Shiyi la 1603 anatsutsa kuti Taiji singakhale chiyambi cha zinthu, poti nyumba siidzimanga yokha popanda mmisiri. Mfundoyo inakopa ophunzira angapo, ena mpaka anabatizidwa. Ambiri sanaone chifukwa choyerekezera thambo ndi nyumba, pamene kwa iwo linali chinthu chobadwa ndi kukula. Ndemanga za Zhu Xi zinakhalabe muyeso wa mayeso olowera ntchito za boma kuyambira 1313 mpaka mayesowo anathetsedwa mu 1905.