Lamba wa injini ndi chowerengera mtunda: zimene mwini Porsche 944 ayenera kudziwa

Pa galimoto yakale yothamanga ngati Porsche 944 pali zinthu ziwiri zotchipa zimene zimasunga moyo wa injini yodula. Choyamba ndi lamba wa mano wotchedwa timing belt. Chachiwiri ndi kagiya ka pulasitiki, kochepa kuposa chikhadabo, kamene kamazungulitsa manambala a mtunda pa dashibodi. Ziwirizi zili kutalikirana, koma ntchito yake ndi yolumikizana. Lamba amasinthidwa potengera mtunda umene galimoto yayenda, ndipo manambala akaima mwini sadziwanso kuti lambayo watsala ndi moyo wotalika bwanji.

Galimoto yake

Kampani ya Porsche ya ku Germany inapanga 944 kuyambira 1982 mpaka 1991, ndipo zambiri zinkamangidwa pa fakitale ya Audi ku Neckarsulm. Injini yake ili kutsogolo, giyabokosi ili kumbuyo, kuti kulemera kugawike bwino pa matayala onse. Injini yoyamba inali ya masilinda anayi ndi malita 2.5. Pambuyo pake panabwera 944 Turbo, kenaka 944 S ya mavalavu 16, ndi 944 S2 ya malita 3.0. Yatsopano kwambiri mwa izo yapitirira zaka 30, kotero labala ndi pulasitiki zilizonse zimene sizinasinthidwe zakalamba, ngakhale penti akuwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito ya lamba

Mu injini, mapisitoni amakwera ndi kutsika, ndipo mavalavu amatseguka kulowetsa mpweya ndi mafuta ndi kutulutsa utsi. Mapisitoni amazungulitsa crankshaft, pamene mavalavu amatsegulidwa ndi camshaft. Timing belt amalumikiza ziwirizi kuti crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft izungulire kamodzi, popanda kuphonya ngakhale dzino limodzi.

Mu 944, pisitoni ndi valavu zimagwiritsa ntchito malo amodzi pa nthawi zosiyana. Lamba akaduka kapena mano ake akathothoka, camshaft imaima mavalavu ena ali otseguka, koma mapisitoni amapitiriza kukwera n'kuwamenya. Mavalavu amapindika nthawi yomweyo. Kukonza kwake kumafuna kuchotsa mutu wonse wa injini, ndipo nthawi zina mapisitoni nawo amawonongeka. Mtengo wake umaposa kambirimbiri mtengo wa lamba. Choopsa n'chakuti lamba nthawi zambiri sachenjeza: injini imalira bwino mpaka mphindi imene waduka.

Galimotoyi ili ndi lamba wachiwiri pafupi ndi woyambayo. Injini ya masilinda anayi akuluakulu imanjenjemera, choncho Porsche inaika mashafiti awiri othetsa kunjenjemera, pogwiritsa ntchito luso limene inalipira kwa Mitsubishi ya ku Japan. Mashafitiwa amazungulira moyang'anizana, pa liwiro lowirikiza kawiri la crankshaft, ndipo lamba wake ali ndi mano mbali zonse ziwiri. Iyeyu akaduka, zidutswa zake zikhoza kulowa pansi pa timing belt n'kumudumphitsa mano. N'chifukwa chake malamba awiriwa amasinthidwa limodzi.

Nthawi yosintha

Amakaniko ambiri odziwa 944 amalangiza kusintha malambawa pa mamailosi 30,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 48,000, kapena pakatha zaka zitatu kapena zinayi, malinga ndi chimene chayamba kukwana. Zaka n'zofunika chifukwa labala amauma ndi kung'aluka ngakhale galimoto ikungokhala m'galaja. Kutentha ndi oilo zimafulumizitsa kuwonongekako.

Kuyang'ana ndi maso kumathandiza pang'ono chabe. Ming'alu kumsana kwa lamba, ulusi wotuluka m'mbali, kunyowa ndi oilo, kapena mano ong'aluka patsinde ndi zizindikiro zoti galimoto isayendenso. Koma lamba wooneka bwino si umboni woti ndi wolimba, pakuti ulusi wa m'kati umatha osaoneka. Wogula 944 yopanda malisiti osonyeza tsiku ndi mtunda umene lamba anasinthidwa ayenera kumuona ngati wotha.

Zosinthira limodzi ndi kamangidwe kake

Pampu ya madzi ya 944 imazungulitsidwa ndi msana wa timing belt. Pampuyo ikagwira, imapsereza lamba, ndipo mapeto ake ndi omwe aja a mavalavu opindika. Mawilo ang'onoang'ono amene lamba amadutsapo ali ndi mabering'i amene amauma. Masilo a kutsogolo kwa injini akatha amadontheza oilo pa lamba watsopano. Popeza zonsezi zimafikika pokhapokha malamba atachotsedwa, makaniko wanzeru amaziyesa zonse, nasintha chilichonse chokayikitsa tsiku lomwelo. Pa injini za mavalavu 16 palinso tcheni chachifupi pakati pa ma camshaft awiri, ndipo kapulasitiki kamene tchenicho chimatsetserekapo kamatha.

Asanachotse lamba wakale, makaniko amazungulitsa injini mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba penipeni, zizindikiro za pa flywheel ndi pa giya ya camshaft zitagwirizana, kenaka amamanga flywheel kuti isasunthe. Mashafiti othetsa kunjenjemera nawo ali ndi zizindikiro zawo. Zikaphonyedwa, injini imanjenjemera kuposa ikanakhala yopanda mashafitiwo. Akamaliza amazungulitsa injini ndi sipanala maulendo awiri athunthu, kuonanso zizindikiro, asanailize.

Kukungika kwa lamba kumayesedwa injini ili yozizira, ndi chipangizo chake chimene Porsche inachipatsa nambala 9201, kapena china chofanana nacho. Lamba wokungika kwambiri amalira mluzu ndipo amapha mabering'i a pampu. Wolendewera amadumpha mano. Kuyambira 1987 galimotozi zinabwera ndi chokungira cha sipuling'i chimene chimathandiza pomanga, koma sichitsatira lamba pamene akutamuka. Lamba watsopano amatamuka pang'ono, kotero galimoto iyenera kubwerera kwa makaniko ikayenda makilomita pafupifupi 3,000 kuti akungidwenso. Apa m'pamene manambala a pa dashibodi amayamba kufunika.

Manambala akaima

Chowerengera mtunda, chimene ambiri amangoti odometer, chili m'kati mwa sipidomita yopangidwa ndi kampani ya VDO. Vuto lodziwika pa 944, ndi pa galimoto zina za ku Germany za m'zaka za m'ma 1980, ndi kagiya kamene kamayendetsa manambala. Pulasitiki wake amafewa ndi zaka, kutentha ndi girisi, mpaka mano amanyenyeka. Chizindikiro chake n'chosasokoneza: muvi wa liwiro ukuyenda bwino, koma manambala aima. Eni ambiri amati kagiyaka kamasweka munthu akadina batani lobwezera manambala a ulendo pa 0 galimoto ikuyenda, motero chizolowezi chabwino ndi kudina itaima.

Muvi ndi manambala zikafa limodzi, vuto lili kwina. Pa galimoto zopangidwa chaka cha 1985 chisanafike pakati, sipidomita imayendetsedwa ndi chingwe chozungulira chochokera ku tayala lakutsogolo lakumanzere, ndipo chingwecho chimatha kuduka. Zotsatira zake, za dashibodi yatsopano, zimagwiritsa ntchito magetsi, kotero poyambira kufufuza ndi sensa ndi mawaya ake.

Kusintha kagiyaka kumafuna kudekha kuposa mphamvu. Batire imachotsedwa, bokosi la mamita limatulutsidwa, ndipo sipidomita imatsegulidwa pa tebulo loyera. Malo a muvi amalembedwa usanazulidwe, apo ayi galimoto idzasonyeza liwiro labodza. Zinyenyeswa zonse za kagiya kakale zimachotsedwa, chifukwa kachidutswa kamodzi n'kokwanira kugwira kagiya katsopano. Mano ake amawerengedwa asanaitanitse katsopano, pakuti timagiyati timasiyana malinga ndi chaka komanso ngati galimoto imawerenga mamailosi kapena makilomita.

Kukonza si kubweza

Wokonza moona amasiya manambala pamene anaimira. Kuwabweza m'mbuyo pofuna kukweza mtengo wa galimoto ndi chinyengo, ndipo ku Germany ndi mlandu pawokha kuyambira 2005. Chinyengochi chimaposa kubera wogula ndalama, chifukwa chimamunamiza kuti lamba akadali ndi mtunda wautali pamene watsala pang'ono kuduka. Choyenera ndi kulemba m'buku la galimoto tsiku limene manambala anaima, tsiku limene anakonzedwa, ndi mtunda woyerekeza umene unatayika, potengera malisiti a mafuta kapena GPS ya pa foni. Ngati nthawi imene anaima sikudziwika, lamba asinthidwe, kuwerenga kuyambirenso pamenepo.

Kwa oyendetsa m'dziko muno

Porsche 944 ndi yosowa m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, koma mgwirizano wa lamba ndi manambala ulipo pa galimoto zambiri zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan. Toyota Hilux ndi Hiace zambiri za dizilo zili ndi getsi lolembedwa T-BELT limene limayaka mtunda woikika ukakwana. Getsilo siliona lamba, limangotsatira manambala. Manambala akafa kapena akabwezedwa, siliyaka pa nthawi yake. Magalaja a ku Japan amakonda kumata kapepala m'chipinda cha injini kosonyeza makilomita ndi tsiku limene lamba anasinthidwa, ndipo chaka chimalembedwa m'kawerengedwe kawo: H20 ndi 2008, H30 ndi 2018. Wogula ayerekeze kapepalako ndi manambala a pa dashibodi. Ngati kapepala kakusonyeza makilomita ochuluka kuposa dashibodi, manambala anagwidwa, ndipo ulendo woyamba wa galimotoyo uyenera kukhala wa kugalaja.