ZA ASILIKARI AKALE AMENE ANABWERA KUDZAMANGA MUDZI

Pa masiku ano a Yubile, pamene tiwerenga maina a abusa ndi aphunzitsi amene anayamba nchito pakati pathu, kuyenera kuti tikumbukirenso munthu wina amene dzina lace silipezeka kawirikawiri m'mabuku. Ndiye msilikari wakale, amene anabwerako ku nkhondo, natsegula kantini pa mphambano ya mseu, nagwira nchito za mudzi kopanda malipiro. Pafupi dera liri lonse linali naye wace.

Nkhondo ija makolo athu anaicha Nkhondo ya Ciwaya inayambira pa nyanja yathu. Pa 13 August 1914 sitima ya Boma, Guendolen, inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa dooko la Sphinxhaven, limene lero lichedwa Liuli. Pa 9 September caka comweco anamenyana kolimba pa Karonga. Kuyambira 1916 Kazembe Northey anatsogolera nkhondo kulowa m'dziko la Ajeremani, ndipo pakuti miseu ya galimoto inali yocepa, cakudya ndi zipolopolo zinayenda pamitu pa anthu. Amuna a dziko lino ngati 19,000 analowa usilikari, ndi ena ngati 200,000 anasenza akatundu. Amenewo ndiwo atengatenga. Ambiri anagwidwa mokakamiza m'midzi mwao, ndipo njala, kamwazi ndi cisanu ca kumapiri zinapha unyinji. Nkhondo inatha pa 25 November 1918, pamene von Lettow-Vorbeck anapereka zida pa Abercorn, pamene lero pachedwa Mbala. Koma pobwerera kwao anakomana ndi nthenda ya fuluwenza, imene inatha anthu ambirinso.

Ana ao anamukanso ku nkhondo yaciwiri m'gulu lomwelo la King's African Rifles, limene likuru lace m'dziko muno linali ku Zomba. Anafika ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi ku nkhalango za Burma mu 1944.

Tsono tifunse, anabwera naco ciani? Ndarama zao zinali zocepa, pakuti mphotho ya msilikari wakuda sinalingana ndi ya Mzungu. Koma anabwera ndi nzeru za manja ndi za mtima. Wina anaphunzira kuyendetsa galimoto, wina kusoka, wina kumanga mabala, wina kuwerenga ndi kusunga ciwerengero ca katundu. Anadziwa kusunga nthawi, ndi kukhala pamodzi ndi anthu a mitundu yina. Cotero wina anagula makina osokera, nakhala pakhonde pa sitolo ya Mmwenye kufikira anapeza zace. Wina anagula njinga, nayenda ndi mcere, sopo, singano ndi nsomba zouma kumidzi yakutari. Wina anamanga kantini ya njerwa.

Njira imeneyi inali yamiyala. Malonda akuru anali m'manja mwa Mandala ndi Amwenye, ndipo lamulo la Boma la masiku aja linaletsa kusumira munthu wakuda ngongole yaikuru, cotero eni masitolo akuru anaopa kumkongoza katundu. Msilikari wakale anayenera kugula zonse ndi ndarama ya m'manja. Pamwamba pa ici panali msonkho, ndi abale ambiri oyembekeza thandizo kwa iye. Makantini ambiri anagwa cifukwa ca zimenezi. Ndipo amene anaima, anaima cifukwa mwini wace anali wopirira.

Cimene tiyamika koposa ndico ici, kuti anthu amenewa sanadzisungira okha cimene anapeza. Poumba njerwa za sukulu, kawirikawiri msilikari wakale ndiye anaika anthu m'magulu, naliza lipenga kapena citsulo mamawa. Pa maliro anatsogolera adzukulu. Polambula mseu ndi pokumba citsime anali patsogolo ndi khasu lace. Njinga yace inatenga odwala kunka nao ku cipatala usiku. Ena anakhala akuru a Mpingo, nasunga thumba la copereka mosasowa ndi kobiri lomwe. Ndiponso magule a beni, mganda ndi malipenga, ndi mizere yace ndi maudindo ace, anatengera perete wa asilikari, nakhala cikondwerero ca midzi yathu.

Sitibisa kuti ena anabwera osweka mtima, nagwa m'kuledzera ndi ndeu. Ena anakalamba ali aumphawi, ali nazo mendulo m'bokosi koma opanda copfunda. Amenewanso ndi athu, ndipo anasenza katundu amene ife sitinamsenza.

Ku Zomba kuli nsanja yaitari ya njerwa yokumbutsa asilikari amene anafa. Koma iwo amene anakhala ndi moyo, nadzatumikira kwao, cikumbutso cao ciri m'kamwa mwa okalamba okha, ndipo okalambawo alinkutha. Cifukwa cace tipempha inu aphunzitsi ndi alaliki, pomuka kumidzi, funsani agogo kuti, Ndani anapita ku nkhondo kuno, ndipo anacitanji atabwera? Lembani dzina lace, mudzi wace ndi nchito yace m'buku la Mpingo, kuti pa Yubile irinkudza adzukulu athu akawerenge maina ao pamodzi ndi a abusa.