Kodi Mwana Aphunziriranji Galamala wa Cinenero Cace?

Makolo ena amadandaula kuti ana alikutaya nthawi pa sukulu pophunzira galamala wa Cinyanja, cinenero cimene anayamwira. Tisanayankhe, tiyeni tione kumene galamalayu anacokera.

Mmodzi wa oyamba kulemba mau athu m'buku sanapondeko kuno konse. Johannes Rebmann, mmishoni wa ku Germany, analikukhala kufupi ndi Mombasa, ndipo anamva mauwo kwa kapolo wina dzina lace Salimini, wocokera ku dziko lathu lino. Bukulo linasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Mu 1880 Alexander Riddel anaturutsa galamala wa Cinyanja, ndipo mu 1892 David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anaturutsa buku lalikuru lomasulira mau a Cimang'anja.

Mabuku onsewa analembedwera alendo. Mlendo anazizwa pomva kuti timati "munthu wabwino" koma "cinthu cabwino" ndi "nyumba yabwino", nayamba kuloweza magulu a maina limodzi limodzi. Mwana wa zaka 5 salakwa pamenepa ai. Koma mumfunse cifukwa cace, adzangokuyang'anani.

Mu 1937 Mark Hanna Watkins wa ku America anaturutsa galamala wa Cicewa, ndipo mwini cinenero amene anamthandiza ndiye Kamuzu Banda, pamene anali pa sukulu ku Chicago. Watkins anachera khutu ku kakwezedwe ka mau, kaja kamene kamasiyanitsa mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika.

Cicewa citasankhidwa mu 1968 kukhala cinenero ca dziko la Malawi, kunaoneka kuti eni ace omwe afunika galamala, pakuti wina analikulemba mwace, wina mwace. Ndico cifukwa mu 1972 Boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board lokonza kalembedwe.

Phindu lace lioneka poyamba pa colembera. Mwana amene waphunzitsidwa kuti mu "ndinamuona" muli wocita, nthawi, wocitidwa ndi tsinde la mneni saduladula mauwo ngati nkhuni polemba kalata. Tsono pofika pa Cingerezi sacita mantha kwambiri, cifukwa mphunzitsi angomuuza kuti zimene ife timanga mtolo umodzi, Angerezi amaziyala m'mau atatu.